Ndodo yakuda ya pool: kodi kaboni amalimbadi kuposa mtengo?

Amene amaonera mipikisano ikuluikulu ya pool adaona kale kuti ndodo zidasintha mtundu. Zaka zingapo zapitazo pafupifupi katswiri aliyense ankawerama patebulo atagwira ndodo yoyera kutsogolo, yosemedwa kuchokera ku mtengo wa maple. Lero ambiri mwa iwo kutsogolo kwa ndodo zawo n'kwakuda bii. Chakudacho si penti ayi. Ndi carbon fiber, kapena tingoti kaboni monga amafupikitsira osewera.

Kusinthaku kudayamba kuoneka mu 2016, kampani ya Predator ya ku Jacksonville m'chigawo cha Florida ku America itatulutsa ndodo yotchedwa REVO. Ena sadachedwe. Cuetec idabwera ndi Cynergy, Mezz ya ku Japan idatulutsa Ignite, McDermott idatulutsa Defy, ndipo ku Italy a Becue adapanga ndodo ya kaboni kuyambira kunsonga mpaka kutsinde. Mu 2022 Shane Van Boening adapambana mpikisano wa dziko lonse wa nine-ball, mtundu wina wa masewero a pool, ku Milton Keynes ku England akusewera ndi ndodo ya Cuetec ya kaboni, ndipo apa n'kuti anthu atasiya kale kufunsa ngati chinthuchi chingamuyenere katswiri. Funso lotsala ndi la wogula wamba: zimene amalonjeza otsatsa malonda, zoti ndodoyi sikhota, siphwanyika ndipo sikalamba, n'zoona mpaka pati? Zambiri n'zoona ndithu. Vuto n'lakuti dzina loti kaboni lolembedwa pabokosi limanena zochepa kwambiri za ndodo imene ili m'katimo, ndipo zimene zimasiyanitsa yabwino ndi yachabechabe zambiri sizioneka ndi maso.

Ndodo yabwino ya pool imakhala ya zigawo ziwiri zomangana ndi sikuluwu pakati. Chakumbuyo, chonenepa chomwe dzanja limagwira, ndi tsinde. Chakutsogolo, chowonda chomwe chimatsetsereka pazala za dzanja linalo, ndi shafti. Zonse pamodzi nthawi zambiri zimatalika mainchesi 58, pafupifupi masentimita 147, ndipo zimalemera pakati pa maaunsi 18 ndi 21. Malamulo a bungwe la World Pool-Billiard Association amaletsa ndodo yolemera kuposa maaunsi 25 ndiponso nsonga yonenepa kuposa mamilimita 14, koma salamula kuti shafti ikhale ya mtengo. Chofunika kudziwa msanga n'chakuti ndodo zambiri zotchedwa za kaboni, kaboniyo ali pa shafti pokha. Tsinde likadali la mtengo, lokongoletsedwa bwino n'kupakidwa vanishi. Ndiye kuti tsoka lililonse lomwe limagwera mtengo lingagwerebe theka la ndodo imene mwagula mukuti ndi yosafa.

Nanga mtengowo udalakwa chiyani? Maple wolimba wa kumadera ozizira a kumpoto kwa America adatumikira osewera zaka zambirimbiri, ndipo akutumikirabe. Koma mtengo, ngakhale utadulidwa n'kuumitsidwa, susiya kumwa ndi kutulutsa chinyezi cha mumpweya. Kukakhala chinyontho umafufuma, kukauma umafota, ndipo sufufuma mofanana mbali zonse. M'menemo ndi mochokera kukhota. Amisiri osamala amapala shafti pang'ono, n'kuisiya miyezi, n'kudzaipalanso, kuti ngati ili ndi mtima wokhota ikhotere ikadali yonenepa. Atachita zonsezo, palibebe mitengo iwiri yofanana: mashafti awiri ochokera m'manja mwa mmisiri mmodzi amatha kusewera mosiyana, ndipo katswiri amene yake yathyoka pakati pa mpikisano amayamba kuphunzira ina mwatsopano. Onjezerani kuti timabowo ta mtengo timayamwa thukuta ndi fumbi la choko chopaka kunsonga kwa ndodo mpaka shafti imabiriwira n'kumamata zala, komanso kuti ikangogunda m'mphepete mwa tebulo imatsala ndi kachilonda kamene chala chimakamva pa kumenya kulikonse.

Kaboni adabwera kudzathetsa mavuto amenewa. Iyeyu ndi timaulusi tating'ono zedi, moti pamafunika timaulusi 100 mpaka 200 toyalidwa mogundana kuti tikwane milimita imodzi. Tambiri timachokera ku ulusi wa pulasitiki wotchedwa polyacrylonitrile, umene amauwotcha pamalo opanda okosijeni pa kutentha koposa madigiri 1,000 mpaka zina zonse zitachoka n'kutsala kaboni pafupifupi yekhayekha. Njirayi idakhazikika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ndi ntchito ya Akio Shindo ku Osaka ku Japan komanso ya akatswiri a Royal Aircraft Establishment ku Farnborough ku England. Kuchokera apo kaboni adalowa m'ndege, moti pafupifupi theka la kulemera kwa thupi la Boeing 787 ndi zipangizo za mtundu umenewu, n'kulowanso m'njinga za mpikisano, m'ndodo za gofu ndi m'ndodo zowedzera nsomba. Pool idachedwa kufikiridwa. Ndipo poti luso lopangira ndodo ya gofu kapena yowedzera ndi lomwelo lopangira shafti ya pool, msika utangotseguka mafakitale ambiri adalowamo mosavuta. N'chifukwa chake lero mashafti akuda ali mbwee, odula ndi otchipa, onse akutchedwa dzina limodzi.

Timaulusiti patokha sitingamenye mpira. Timafunika kumangidwa pamodzi ndi utomoni wa epoxy, ndipo mphamvu yake imakhala motsata utali wa ulusi basi. M'mbali mulibe mphamvu kupatula ya utomoniwo. Wopanga shafti amatenga mapepala a ulusi wonyikidwa kale mu utomoni n'kuwakulunga pa chitsulo chowongoka chosongokera kutsogolo. Ena mwa mapepalawo amawayala ulusi utaloza kunsonga kuti shafti isapindike, ena mopingasa kuti isaphwanyike ikapanikizidwa, ena mopendeketsa kuti isapotoke. Makampani ena m'malo mwa mapepala amazengereza ulusiwo pachitsulo ndi makina. Akatero amamanga zolimba, n'kuotcha mu uvuni mpaka utomoni utauma gwa, n'kusolola chitsulo chija, n'kupala kunja kuti kusalale. Chotsala ndi chubu chopanda kanthu m'kati. Ambiri amathiramo fomu yopepuka yonga siponji kuti ichepetse kunjenjemera ndi phokoso, kumbuyo amamatako chotsekera chokhala ndi mazinga a sikuluwu, kutsogolo kachotsekera kakang'ono pomwe pamakhala tipi, kachikopa kamene kamamenya mpira.

Amene adagwirapo nsungwi amvetsa msanga khalidwe la chubu chotere. Nsungwi ndi yopepuka, yamphako, ndipo kuikoka kapena kuikankha motsata utali wake simungaithe. Koma iponderezeni m'mbali ndi mwala, imang'aluka motsata ulusi wake. Shafti ya kaboni nayo ndi choncho, ndipo pafupifupi zonse zokhudza kulimba ndi kufooka kwake zikuchokera pamenepa.

Ubwino weniweni wa shafti umagamulidwa pa nthawi yokulunga ndi kuotcha ija, pomwe wogula palibe. Pepala lililonse lili ndi poyambira ndi pothera, ndipo m'mene mapeto awiriwo apitirirana khoma la chubu limanenepa pang'ono. Wopanga wosamala amamwaza malo amenewa kuzungulira chubu chonse. Wothamanga amawaunjika mbali imodzi, ndipo shafti imatuluka ndi msana: yolimba mukaigwira chonchi, yofewerapo mukaitembenuza. Apatu ndiye kuti chinthu chomwe mudagulira kaboni, kufanana mbali zonse, mulibe. Ngati sadamange zolimba pootcha, timatumba ta mpweya timatsalira pakati pa mapepala, ndipo pamenepo ndi pomwe mng'alu udzayambire. Utomoni ukachuluka shafti imalemera popanda kulimba; ukachepa ulusi sugwirana. Popala kunja, chubu chikapanda kukhala pakati penipeni pa makina, khoma limatsala lonenepa mbali ina n'kupyapyala mbali inayo, kunja kukuoneka kozungulira bwinobwino. Zonsezi mungaziyang'ane tsiku lonse m'sitolo osaziona.

Manambala amene otsatsa amakonda kulemba sathandizanso kwenikweni. Zilembo monga 3K kapena 12K zimangonena kuchuluka kwa timaulusi mu mtolo umodzi, 3,000 kapena 12,000, osati ubwino wake. Maina ngati T300 ndi T700 ndi magulu a ulusi wa kampani ya Toray ya ku Japan, ndipo ulusi wabwino wokulungidwa mosasamala umatulutsabe shafti yoipa. Palinso ulusi wouma kwambiri umene supindika n'komwe, womwe pakumva umaoneka ngati ndiye wapamwamba, chonsecho ndi umene umathetheka msanga ukagundidwa.

Pali chisokonezo china chochokera m'mbuyo. M'zaka za m'ma 1990 kudatchuka ndodo za mtengo zokutidwa kunja ndi fiberglass kapena graphite, ndipo akatswiri ngati Earl Strickland ndi Allison Fisher adasewerapo ndi za Cuetec za mtundu umenewu. Zinali zolimba ndithu, koma kunja kwake konyezimira kunkamata zala kukatentha, ndipo ambiri amene amanyoza kaboni lero akukumbukira zimenezo. Shafti ya masiku ano ndi chinthu china, mulibe mtengo m'kati. Komabe ndodo zokutidwa zija sizidathe pamsika, ndipo zina zotchipa zimangovekedwa kachikuto kopyapyala ka kaboni, kapena chithunzi chabe cha timabokosi tolukanalukana, n'kumagulitsidwa ndi dzina lomwelo. Timabokosi timeneti nthawi zambiri ndi tokongoletsa. Mashafti ambiri odalirika amangokhala akuda mopanda maluwa, chifukwa ulusi wake wayalidwa mowongoka, sudalukidwe.

Tsopano nkhani imene imagulitsa kwambiri mashaftiwa, ya kupatuka kwa mpira. Mukamenya mpira woyera pambali kuti uzungulire, suyenda molunjika komwe ndodo yaloza. Umathawira pang'ono mbali inayo. Mukamenya kumanja umapatukira kumanzere. Chimachititsa n'chakuti mpirawo, poyamba kuzungulira, umakankhira nsonga ya ndodo pambali, ndipo nsongayo imabwezera. Nsonga ikalemera imabwezera mwamphamvu, mpira n'kupatuka kwambiri. Ikapepuka imangodzichokera panjira. David Alciatore, amene adaphunzitsa uinjiniya pa Colorado State University ndipo wafufuza kwambiri za pool ndi makamera othamanga, adaonetsa kuti tipi imakhudzana ndi mpira kwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo mu kanthawi kameneka ndi masentimita 13 mpaka 20 okha a kutsogolo amene amatengapo mbali. Kulemera kwa tsinde kulibe nazo ntchito.

Izi zikutanthauza kuti si kaboni amene amachepetsa kupatuka, koma kupepuka kwa nsonga. Predator yomweyo idachita kale zimenezi ndi mtengo m'zaka za m'ma 1990 pa shafti yake ya 314, yopangidwa ndi zidutswa 10 za maple zomatidwa pamodzi n'kubooledwa kutsogolo. Chimene kaboni adaonjezera n'chakuti khoma likhoza kupyapyala kwambiri osathyoka, ndiponso shafti ikhoza kuwonda, monga REVO imene imapezeka ya mamilimita 12.9, 12.4 ndi 11.8, popanda kukhala yowetawetera. Koma shafti ya kaboni ya khoma lonenepa, yotsekedwa kutsogolo ndi chotsekera cholemera, imapatutsa mpira chimodzimodzi ndi ya mtengo wamba. Zoti kaboni amazunguza mpira kwambiri, kunena zoona, n'zokokomeza: kuzungulira kumadalira pomwe tipi yakhudza mpira ndi liwiro la dzanja. Ndipo amene adazolowera maple asadabwe akayamba kuphonya mipira yomwe kale ankaimwetsa. Maso ake adaphunzira kulipirira kupatuka kumene tsopano kwachepa.

Kunja kwa shafti ndi kumene wosewera amakhala nako tsiku ndi tsiku, ndipo ndi kumenenso wogula angathe kuweruza yekha. Shafti yabwino ya kaboni imakhala yosanyezimira, yosalala mouma, yotsetsereka pazala popanda kufuna paudala. Poti ilibe timabowo, thukuta ndi mafuta a m'manja sizilowa m'kati, zimangokhala pamwamba. Ubwino wake ndi woti kansalu kofewa konyowetsedwa ndi sipiriti wotchedwa isopropyl alcohol kamachotsa zonse, shafti n'kubwerera mwakale. Kuipa kwake ndi koti litsirolo, posowa kolowa, limamveka msanga. Shafti ya kaboni yosapukutidwa imamata kuposa mmene ambiri amayembekezera, makamaka m'chipinda chachinyontho, ndipo n'chifukwa china chimene osewera ambiri amavalira gulovu kudzanja lakutsogolo.

Apa pali chizolowezi chimodzi cha nthawi ya mtengo chimene chaononga mashafti ambiri a kaboni: sandipepala. Pa maple, kupala pang'ono kumachotsa litsiro n'kuvumbula mtengo watsopano pansi pake, ngakhale kuti nakonso kumaondetsa shafti pakapita nthawi. Pa kaboni pansi palibe chatsopano. Pali kachikuto kopyapyala ka utomoni, kenako ulusi umene ukunyamula mphamvu yonse. Mukapala mumadula ulusiwo, pamatsala mabala otuwa osachoka, nthawi zina timinga tobaya zala, ndipo fumbi lake limayabwa pakhungu komanso si lofunika kulipuma. Mankhwala amphamvu osungunulira penti, monga thinner ndi acetone, nawonso angadye chikuto, zilembo ndi guluu wa kunsonga.

Opanga amasiyana pa kamalizidwe. Ena amangopala kaboniyo mosalala n'kumusiya choncho, ena amapakapo kachikuto koonekera. Chikutocho chimabisa tizilema ta pamwamba ndipo shafti imaoneka yokongola ili yatsopano, koma chikakhala chosalimba chimayamba kusupuka pomwe zala zimakhuza, n'kusiya malire amene amamveka pomenya. Osasokoneza zimenezi ndi kunyezimira kumene kumabwera pang'onopang'ono pamalo omwewo. Kumeneko ndi kupukutika chabe chifukwa cha zala, sikuononga kanthu.

Choko nachonso si chaulemu monga chimaonekera. Chimene timapaka pa tipi si choko cha pabolodi. Chiyambire 1897, pamene William Spinks ndi William Hoskins adalembetsa kapangidwe kake ku America, chimakhala ndi timiyala tokhakhala topera kwambiri kuti tipi igwire mpira. Wosewera amene amazika nsonga m'choko chokumbika n'kumapotokola amakanda m'mbali mwa nsongayo, ndipo pa shafti yakuda zikandazo zimaonekera patali. Kuda komweko kudabweretsanso dandaulo lina poyamba: maso ozolowera kamphete koyera ka kunsonga, kamene amakatcha ferrule, ankasowa poyang'ana, ndipo makampani ambiri adayamba kuika kamphete koyera kakafupi pofuna kuthandiza maso basi.

Ndiye mukaigwira shafti musanagule, yendetsani chikhadabo kuchokera pa tipi kutsikira pa chubu. Pasakhale kaphompho kapena kakhonde pomwe ferrule yakumana ndi kaboni, pasaoneke guluu wotsalira. Iyang'aneni mopendeketsa pa kuwala kuti muone ngati pali timabowo tonga toboola ndi singano kapena kamzere kotsata utali wonse, komwe ndi chizindikiro cha msoko wosapalidwa bwino. Kenako imangeni pa tsinde. Iyenera kulowa mosakakamiza, n'kukhala phee popanda mpata, ndipo m'mphepete mwake mufanane ndi mwa tsinde. Mazinga a ndodo za pool ndi amitundumitundu, Uni-Loc, Radial, 3/8x10, 5/16x14, 5/16x18 ndi ena, ndipo ena amafanana moti shafti yolakwika imalowa kawiri katatu musanazindikire kuti mukudya mazinga. Kusamala kumene wopanga waonetsa pa tinthu timeneti ndi umboni wokhawo umene muli nawo wa kusamala kwake m'kati.

Pa za kulimba, tiyambe ndi zimene kaboni amapambanadi. Chinyezi sichimupinda. Kuzizira ndi kutentha kwa masiku onse sikumusintha kutalika kapena kunenepa mwa njira imene mungaimve. Kugunda pang'ono pa tebulo, komwe pa maple kukadasiya chilonda, nthawi zambiri sikusiya kanthu. Kwa munthu woyenda ndi ndodo m'madera a nyengo zosiyanasiyana, kapena wokhala kumene mpweya umakhala wonyowa miyezi yambiri, ichi chokha n'chifukwa chokwanira choigulira. Komanso ikatayika, ina ya mtundu womwewo imasewera pafupifupi ngati yoyambayo.

Koma kusakhota kuli ndi mbali ina imene otsatsa satchula: shafti imene idatuluka m'fakitale ili yokhota idzakhala yokhota mpaka kalekale. Igudubuzeni patebulo payokha, kenako muimange pa tsinde n'kugudubuzanso, maso ali pa nsonga. Kuwala kooneka pansi pake si vuto, chifukwa shafti siwonda mofanana utali wonse. Vuto ndi nsonga yodumphadumpha. Ikakhala yowongoka payokha koma n'kumadumpha itamangidwa, cholakwa chili pa jointi, polumikizira shafti ndi tsinde: mwina chotsekera chidamatidwa mopendama, mwina tsinde la mtengo lija ndi limene lakhota, mwinanso ndi kalitsiro chabe pakati pa nkhope ziwirizo.

Kutentha kwakukulu ndi mdani ndithu. Ulusi wa kaboni sumva kanthu, paja udabadwira m'moto, koma utomoni, fomu ndi guluu zimamva. Ndodo yosiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa imatha kufooka pomwe chotsekera chidamatidwa, tipi n'kuyamba kusupuka, tsinde n'kukhota, chubu chenichenicho chili bwinobwino. Mashafti ambiri a kaboni amafera pa zomatira zimenezi osati pa kaboni.

Imfa yake ina ndi ya kugundidwa m'mbali. Kupanikizidwa ndi chitseko, kupondedwa, kugwera pa ngodya ya simenti, kapena kumenyetsedwa patebulo ndi wosewera wopsa mtima, zimatha kulekanitsa mapepala a m'kati kunja kusakuoneka kanthu. A zandege amalidziwa bwino vutoli ndipo amafufuza ndi makina apadera. Wosewera ali ndi khutu lokha: shafti imene imalira mosiyana ndi kale, kapena imene yayamba kunjenjemera ngati muli kanthu kosokonekera m'kati, yavulala ngakhale ikuoneka yamoyo. Mng'alu ukafika kunja umaoneka ngati katsitsi kotsata utali, kawirikawiri pafupi ndi nsonga. Ndipo si mwangozi kuti umakonda pamenepo. Kunsonga ndi kumene wopanga adapyapyalitsa dala kuti mpira usapatuke, choncho shafti imene ikudzitama kuti sipatutsa mpira kuposa zonse ndi imenenso ili ndi khoma lochepa poteteza. Ichi n'chifukwa chake kuswa mipira koyambira masewero kuli ndi ndodo yakeyake, monga BK Rush ya Predator, ya khoma lolimbirapo ndi tipi youma gwa.

Kusiyana kwakukulu ndi mtengo kumaonekera pa tsiku lokonza. Chilonda cha pa maple mumachidonthezera madzi n'kuchifunditsa, mtengo umafufuma n'kubwerera. Mmisiri akhoza kuiondetsa shafti ya maple kuti igwirizane ndi dzanja lanu, kuidula pang'ono kunsonga ikang'aluka, kuika ferrule yatsopano, n'kuipukuta mpaka ioneke ngati yatsopano. Ndodo za George Balabushka, mmisiri wa ku New York amene adamwalira mu 1975, zina zikuseweredwabe chifukwa cha zimenezi. Shafti ya kaboni ya mtundu wa lero idangoyamba kutchuka mu 2016. Kunenepa kumene idabwera nako ndi komweko mpaka mapeto, chikanda chozama sichichoka, ndipo chubu chikang'aluka nthawi zambiri nkhani yatha, mugule ina. Mtengo umakalamba pang'onopang'ono mukuuona ndipo umalola kuchiritsidwa, pomwe kaboni amakhala chimodzimodzi zaka ndi zaka kenako n'kufa tsiku limodzi. Makampani akuluakulu amapereka chitsimikizo pa kukhota ndi zolakwika za kufakitale, koma osati pa kugwetsa kapena kupala, ndipo kawirikawiri chimakhala cha wogula woyamba yekha. Wogula ya kaunjika azidziwiratu zimenezi, chifukwa akugula mbiri ya kugwa kulikonse kumene mwini wake woyamba sadamuuze.

Za kamvekedwe m'manja sitingalimbane nazo kwambiri, n'za mtima wa munthu. Kaboni amalira mokwera, ngati kuti "tiki", pamene maple amalira mozama, ndipo ena amati kaboni sauza dzanja mmene mpira wamenyedwera. Alipo akatswiri amene adayesa n'kubwerera ku mtengo. Osewera snooker, masewero ofanana ndi pool, ambiri mwa iwo akadali pa mtengo wa ash, umene mizere yake amaigwiritsa ntchito poloza. Opanga za mtengo nawo sadagone: kudabwera maple wootchedwa pang'onopang'ono mpaka kufiirira, wodziwika ndi dzina loti kielwood, amene samwa chinyezi ngati maple wamba.

Chinthu chimodzi chimene kaboni sadasinthe n'komwe ndi tipi. Ikadali yachikopa, kaya ya chikopa chimodzi monga Triangle ndi Elk Master, kaya yosanjikiza zikopa zingapo za nkhumba monga Kamui ndi Moori, ndipo imatha, imaphwatalala, imauma monga kale. Gawo lalikulu la kamvekedwe kamene anthu amanamizira shafti limachokera pa tipi. Pa shafti ya kaboni kuilekerera mpaka ipyapyale n'koopsa kuposa pa mtengo, chifukwa mphamvu ya kumenya imayamba kufika mwachindunji pa mlomo wa chubu, pomwe ndi popyapyala kale. Mashafti ambiri amakhala ndi kapadi kopyapyala pakati pa tipi ndi ferrule koteteza malo amenewa, ndipo posintha tipi kapadiko kayenera kutsala kapena kuikidwa kena. Ferrule yake ndi yaifupi kwambiri poyerekeza ndi ya pa maple, ndiye mpeni ukaterereka pang'ono poyepula tipi yatsopano umafika pa kaboni. Mmisiri wozolowera mtengo, amene amamaliza ntchito yake ndi kupukuta shafti yonse ndi sandipepala ili pa makina, muuzeni asanayambe kuti pano ayi, ndipo akulunge tepi kunsi kwa ferrule asanagwire mpeni.